Kalata Imene Sindinatumize

Kwa ana anga

Chikondi, Mphatso, ndi iwe Tiyanjane, khalani pansi muwerenge mwachifatse, osati kuthamangitsa maso monga muchitira ndi mauthenga a pafoni zanuzo. Izi ndalemba pamanja, maso akuvuta, ndipo sindidzazilembanso.

Chaka chatha iwe Tiyanjane unanditenga ulendo wa kum'mwera kukaona nyumba imene amasungiramo zinthu zakale za mtengatenga. Ndinaonako, ataikidwa pagalasi, masitampa a nkhope ya mfumukazi ya Angerezi, amene tinkanyambita tili pasukulu dziko lino likadali Nyasalande. Ndinaona a nthawi ya chitaganya, aja abambo anga ankamata atayang'ana kumbali. Ndinaonanso a ufulu, a maluwa, a nyama zakutchire, a mbalame, a nsomba, onse amene anadutsa m'manja mwangamu. Mtsikana wotilondolera anati, "Agogo, mbiri yonse ya dziko lino ili pa timapepala timeneti." Ndinavomera, sananame. Anatinso ife amene tinagwirako ntchito ku positi tikapeza kanthu kakale kunyumba tikapereke. Titabwerera, iwe osandifunsa n'komwe unatsegula tiranki yanga n'kutulutsamo envulopu yakale yosatsegula. "Ababa, iyi ndiye yoyenera kukaikidwa pagalasi paja," unatero. Ndinakulanda mwaukali, mpaka unagona osandilankhula. Unali ndi chifukwa chokwiyira. Yankho limene sindinakupatse tsiku lija ndi ili.

Dowa, 1969

Ntchito ndinayambira ku Dowa ndili ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, nditavala kabudula wa khaki amene agogo anu anasita mpaka kuwala. Bwana wanga woyamba anali a Gondwe, bambo wamfupi wochokera kumpoto, wosaseka chisawawa. Tsiku loyamba sanandipatse mpando. Anandiimika pathebulo losankhira makalata, nanyamula kalata imodzi m'mwamba.

"Iyi ndi ya ndani?" anafunsa.

Ndinawerenga dzina la wotumiza kumbuyo kwake.

"Walakwa. Ikangogwera m'bokosimo si yakenso, si yako, si yanga. Ndi ya munthu amene walembedwa kutsogoloku. Iwe ndiwe miyendo chabe. Sutsegula, susunga, suchedwetsa. Wamva?"

Ndinamva, ndipo ndinalumbira nditasaina dzina langa. A Gondwe ndiwo anandiphunzitsa kudinda. Chidindo chathu chinali chachitsulo, cha chigwiriro cha mtengo, ndipo m'mawa uliwonse tinkasintha tsiku ndi kansonga ka waya. Ukadinda mofooka ankakubwezera mulu wonse, ati chidindo chosaoneka chimaphunzitsa anthu kuba. Ndinakhala nawo zaka zisanu. Zingwe zomangira matumba zinkatithera, inki tinkaithira madzi, koma kalata sinagonepo paofesi ija tsiku la thumba litakwana. Ndinkawaopa a Gondwe, ndinkawanyadiranso, mpaka ndinayamba kuyenda monga iwo, manja kumbuyo. Amayi anu ankandiseka nako.

Ntchisi, 1974

Chaka chimenechi anandikweza, n'kunditumiza kukayang'anira kapositi ofesi kakang'ono m'mapiri a Ntchisi. Kanali ka zipinda ziwiri, denga la malata, ndipo m'mawa nkhungu inkalowa mpaka pakauntala. Chikondi unali ukuyamba kumene kuyenda, Mphatso uli m'mimba. Ndinadziona ngati munthu wamkulu ndithu. Paja amati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma ine nkhonyazo ndinali ndisanaziganizire.

Tinalimo awiri, ine ndi a Chimkono, amene ankasankha makalata ndi kumanga matumba. Anali aakulu kwa ine, ndipo ankayembekeza kuti mpandowo ukhala wawo. Analinso mlembi wa chipani m'dera lija, baji ili pachifuwa tsiku ndi tsiku. Sindiwanamizira, sanandichitepo choipa chooneka. Koma masiku amenewo munthu wotere akakhala nawe m'chipinda chimodzi, ngakhale kutsokomola unkayamba waganiza.

Chinali chaka cha masitampa okumbukira zaka khumi za ufulu, okhala ndi nkhope ya Pulezidenti. Anthu ankawakonda, ena ankagula kuti angosunga m'Baibulo. Ife odinda tinkadziwa, ngakhale sindinaonepo pamene zinalembedwa, kuti chidindo chizigwera m'mphepete, osati pankhope. Tinkamva za anthu amene anatengedwa pa zinthu zochepa kuposa pamenepo, ena osabwerako. Inu ana a masiku ano mumajambula atsogoleri ndi makutu aatali n'kumatumizirana mukuseka. Sekani, ndi ufulu wanu, koma musaiwale kuti ife dzanja linkanjenjemera podinda kapepala.

Mvula ya 1975

Mvula ya chaka chimenecho inakokolola mlatho wa pamsewu wathu. Makalata ankatulukabe kawiri pa sabata, Lolemba ndi Lachinayi, chifukwa wopalasa njinga ankawoloka thumba lili pamutu. Koma masitampa ankabwera ndi galimoto, m'bokosi lokhoma, ndipo galimoto sinkadutsa. Waya wa lamya nawo unaduka. Pofika pakati pa February m'kabati munalibe sitampa ngakhale imodzi.

Lachiwiri lina kunabwera mayi wachikulire, mayi Nankhoma, ochokera kuseri kwa phiri, ulendo wa maola atatu pansi. Nsalu yawo inali yonyowa, koma kalata anaikulunga m'tsamba la nthochi ndipo inali youma. Anaiika pakauntala ndi manja awiri. Inkapita kwa mwana wawo, Filimoni Mwale, amene ankagwira ntchito m'minda ya tiyi ku Thyolo.

"Masitampa atha, amayi," ndinatero. "Mubwerenso sabata yamawa."

"Abwana, ndi yofulumira. Abambo ake sakupeza bwino, ndipo akumufunsafunsa mwanayo. Ndalama ndili nayo, si iyi?"

Panali njira yolandirira kalata popanda sitampa, n'kulemba pamwamba kuti yalipiridwa. Koma inkafuna chilolezo chochokera ku boma, ndipo ine chilolezocho ndinalibe. Kalata imodzi yokha, ndani akanandipha nayo? Koma ndinali bwana watsopano, a Chimkono akumvetsera kuchipinda. Ndinaika manja kumbuyo n'kuyankha kuti, "Lamulo silindilola." Mayiwo anandiyang'ana nthawi yaitali, anakulunganso kalata yawo, natuluka kulowa m'mvula.

Lachinayi m'mawa ndinatsegula bokosi la panja n'kukhuthulira makalata pathebulo. Anali ochepa, a anthu amene anali atasunga masitampa kunyumba. Pakati pawo ndinaizindikira envulopu ija. Pakona pake panali sitampa, ndipo ndinaiyang'anitsitsa. Inali sitampa yakale, yomatula pa kalata ina, mwina ya mwana wawo yemweyo. Pofuna kufufuta chidindo chakale anaichapa ndi sopo, n'kuimatanso ndi phala. Inki inachokadi, koma inachoka pamodzi ndi nkhope ya Pulezidenti. Maso panalibe, mphuno panalibe, pakamwa panalibe. Panangotsala kolala ndi tayi, pamwamba pake poyera mbee.

Mayi uja sankanyoza munthu. Iye ankangoona kuti kapepalako kadetsedwa, ndipo chodetsedwa chimachapidwa. Koma ndani akanamumvera? Lamulo linkati sitampa yogwiritsidwa ntchito kawiri ndiilembere lipoti, nditumize envulopu ngati umboni. Dzina lake linali kumbuyo. Ndikanachita zimenezo, galimoto imene inkalephera kubweretsa masitampa ikanapeza njira yodzamutengera, mwamuna wake ali pamphasa. Ndikanangoiponya m'thumba, wosankha makalata ku boma akanaiona, ili ndi chidindo changa, ndiye tikanapita tonse awiri.

"Mwaona chiyani pamenepo, bwana?" anafunsa a Chimkono, akumasula chingwe cha thumba.

"Palibe. Envulopu yopanda kanthu, ana asewera nalo bokosili."

Pamene anawerama kutola chingwe, ndinailowetsa m'malaya. Thumba linamangidwa, wanjinga ananyamuka. Ine amene ndinalumbira kuti sindidzasunga kalata ya munthu ndinagwira ntchito tsiku lonse ili pamimba panga, yonyowa ndi thukuta.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa munthu akamadzifotokoza yekha amakonda kuima pabwino. Kubisa kalata tsiku lija sindikudandaula nako, ndinapulumutsa munthu. Koma masana omwewo nzeru inandibwerera. Ndikanangomatula sitampa ija ndi nthunzi ya ketulo, n'kuiwotcha, kalata n'kuitumiza yopanda sitampa, kuti mwana wawo akalipire chindapusa polandira. Zinkachitika kawirikawiri, sizinali zachilendo. Ndinati ndichita Lolemba. Lolemba a Chimkono anaimirira pambali panga akuyang'ana kalata iliyonse, ndipo ndinaopa kuti banga la phala pakona liwafunsitsa. Ndinati Lachinayi. Lachinayi ndinakumbuka kuti amayi anu ali pafupi kuchira, ndipo ndinadzifunsa kuti akanditenga ana adya chiyani. Pakadafunda padajiwitsa galu. Matumba asanu anachoka, kalata ili kudenga kwanga pakati pa malata ndi mtanda.

Sabata yachitatu, munthu wina wa kuseri kwa phiri anabwera kudzafunsa makalata, n'kunena kuti abambo Mwale anaikidwa dzulo lake. Ndinafunsa ngati mwana wawo wa ku Thyolo anafika. Anati ayi, mwana wosamva uja sanaoneke. Masiku ndinkawadziwa bwino, inali ntchito yanga. Kalata ya ku Thyolo inkayenda masiku anayi kapena asanu. Ikanapita ngakhale ndi thumba lachiwiri, Filimoni akanawapeza bambo ake ali moyo.

Patapita mwezi mayi Nankhoma anabweranso, atameta mpala wa maliro. Mlatho unali utakonzedwa, masitampa ali mbwee m'kabati. Sanagule kanthu. Anadikira kuti anthu athe pamzere, n'kuyandikira.

"Abwana, ndifunseko. Kalata ikalowa m'bokosi lanulo, ingasochere?"

A Chimkono anali kumbuyo kwanga akusankha makalata. Ndinamva kuti manja awo aima.

"Ayi, amayi," ndinayankha. "Makalata a boma sasochera."

"Ndiye kuti anailandira."

Ndinawerama n'kuyamba kuwerenga masitampa m'kabati.

"Chabwino, ndamva. Zikomo abwana."

Anagwada pang'ono monga achitira amayi athu, napita. Pa zonse zimene ndachita pa moyo wanga, mawu aja oti makalata a boma sasochera ndiwo oipitsitsa. Ndikanatha kunena kuti nthawi ya mvula zina zimatayika, ndipo palibe akanandimanga. Koma ndinafuna kudziyeretsa pamaso pa a Chimkono, ndiye mlandu wanga ndinausenzetsa mwana wa eni amene sindinamuonepo.

Chisepo, Mvera, mpaka kupuma

Chaka chotsatira anandisamutsira ku Chisepo, kenaka ku Mvera, kenaka kubwerera ku Dowa kumene ndinapumira mu 2003. Kulikonse kalata ija inkapita nane, pansi pa tiranki, pansi pa masatifiketi. Kuitaya ndinkalephera, inali ya mwini. Kuitsegula ndinkalephera. Kuitumiza kukanakhala kudziulula. Zaka zoyamba ndinkati ndikuopa ndende. Koma zinthu zinasintha, zipani zinachuluka, anthu anayamba kulankhula poyera zimene zinawachitikira, ndipo ine ndinakhalabe chete. Pamenepo ndinadziwa kuti sanali mantha ayi, anali manyazi. Ndinali mkulu wa mpingo. Anthu ankati positi ya a Kamanga kalata sisowa, ndipo ndinkamva kukoma akamatero. Amayi anu anamwalira osadziwa. Ankadziwa kuti m'tirankimo muli china chake, koma anali munthu wosakumba.

Mlandu suwola, ana anga. Tiyanjane utangoikweza m'mwamba envulopu ija n'kunena za pagalasi, m'maganizo mwanga ndinaona anthu ataima pamzere akuwerenga dzina la Filimoni Mwale, mwiniwake asanaigwirepo.

Ntchisi, chaka chino

Anthu atatha kukolola ndinakuuzani kuti ndikupita kukaona mnzanga wakale. Ndinakwera minibasi, kenaka njinga yamoto imene inandigwedeza mpaka msana kulira. Kapositi ofesi kaja tsopano akugulitsiramo feteleza. Ndinafunsafunsa, ndipo anandilozera nyumba ya njerwa m'munsi mwa phiri. Pakhonde panali bambo wa imvi, wamtali, akusenda mtedza m'lichero. Anandipatsa mpando, tinalonjerana, n'kudikira kuti ndinene chimene ndadzera.

"Ndinu a Filimoni Mwale, amene munkagwira ntchito ku Thyolo?"

"Ndine. Koma ndi kale limenelo."

"Ndabwera ndi kalata yanu."

Ndinaipereka ndi manja awiri. Anaitembenuza, anawerenga kumbuyo, ndipo lichero linatsetsereka pamiyendo pawo, mtedza n'kumwazika. Sanautole. Ndinafotokoza zonse monga ndakulemberani pano, osasiyako ngakhale zija ndinayankha amayi awo pakauntala. Sanandidule mawu. Nditamaliza anatulutsa kampeni m'thumba, anang'amba envulopu mosamala, nawerenga milomo ikugwedezeka. Inali mizere yochepa, yolembedwa ndi pensulo. Sanandiwerengere, ndipo sindinapemphe.

"Uthenga wa maliro ndinaumva patapita miyezi iwiri, kwa munthu wa kuno amene ndinakumana naye ku Limbe," anatero. "Nditafika, amayi anati ndinakulembera, unakana kubwera. Ndinalumbira kuti sindinalandire kanthu. Anati usalumbire, ndinakafunsa ndekha kwa abwana a positi. Nanga ine wothyola tiyi ndikanatsutsana ndi abwana a positi?"

"Pepani, achimwene. Ndinalakwa."

"Amayi anakhala zaka makumi awiri pambuyo pake. Ndinawamangira nyumba ya malata. Ankadya chakudya changa, koma sanandiitanenso dzina. Pomwalira anauza mlongo wanga kuti asamadalire munthu wabodza."

Ndinangoyang'ana pansi, nkhuku zikutola mtedza uja.

"Kwa amayi mwachedwa," anatero akuimirira. "Koma Esinati, mlongo wanga, alipo tsidya la kamtsinjeko. Timakumana pamaliro pokha, ndipo amandipatsa moni ngati mlendo. Ine ndikakanena sakandikhulupirira. Dzukani, mukanene nokha."

Tinatsika kukawoloka, nkhalamba ziwiri, aliyense ndi ndodo yake. A Esinati tinawapeza akupeta nyemba pabwalo. Ataona mchimwene wawo nkhope inauma, koma poti panali mlendo anayala mphasa. Ndinayambanso kufotokoza kuchokera pachiyambi. Kachiwiri kanandivuta kuposa koyamba. A Filimoni anawapatsa envulopu. A Esinati sadziwa kuwerenga, ndiye maso awo anapita pakona, pa sitampa, ndipo anaisisita ndi chala.

"Ndinachapa ndine iyi," anatero motsitsa mawu. "Amayi maso ankawavuta. Ndinachapa ndine, ndinamata ndine, ndipo ndinakaponya ndekha m'bokosi. N'chifukwa chake ndinkati palibe angandiuze kuti sinapite."

Anatembenukira kwa mchimwene wawo, namuyang'ana kumaso.

"Ndiye kuti munkanena zoona, achimwene?"

"Ndinkanena zoona."

"Zaka zonsezi?"

"Zaka zonsezi."

A Esinati anaika manja kumutu, nayamba kulira maliro enieni, kuitana amayi awo, kuitana abambo awo, mawu akumveka mpaka kuphiri. Anagwa n'kugwira miyendo ya mchimwene wawo. Anthu anatuluka m'nyumba ndi m'madimba akuthamanga, amayi akumanga nsalu m'chiuno, poganiza kuti pamudzi pagwa zovuta. Bambo wina anafika akupuma wefuwefu.

"Kwagwanji? Watisiya ndani?"

A Filimoni anali atawerama, akuyesa kudzutsa mlongo wawo, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Palibe wamwalira," anayankha. "Kwangofika kalata."

Ndinatenga ndodo yanga ndi chipewa, ndinatsazika, koma palibe anandimva. Kwathu kuno mlendo ngakhale woipa amaperekezedwa mpaka panjira. Ine ndinawoloka kamtsinje kaja ndekha, ndipo sindikudandaula munthu.